Kodi eni nyuzipepala ndiwo amalamula nkhani, kapena ndife owerenga?

Kamtedza_19
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni. Mu sociology tafika pa mutu wa umwini wa nyumba zofalitsa nkhani, ndipo gawo la ma pluralist landizunguza mutu. Za a Marxist ndikuzimva bwino: olemera ndiwo ali ndi nyuzipepala ndi mawailesi, ndiye nkhani zimapendekera kwa olemera. Koma ma pluralist akuti mwini nyuzipepala alibe mphamvu kwenikweni, wolamula ndi wowerenga. Zoona zimenezi? Munthu atulutse mamiliyoni ake kugula kampani, kenaka angokhala phee osanenapo kanthu pa zomwe zikulembedwa? Alipo angandionetse pomwe pagona nzeru yake? Chifukwa ndikalowa m'mayeso ndi mtima umene ndili nawowu ndikangowanyoza kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Tsabola_Wakale
Palibe nzeru yoti muione. Mwini ndalama ndiye mwini mawu. Lembani zimenezo, mukhoza.

Mphunzitsi_Wopuma
A Tsabola, mwanayu mumulepheretsa mayeso. Mzere umodzi woterewo wochonga amangoudutsa.

A Kamtedza, kuti muwamve anthuwa yambani ndi momwe amaonera mphamvu m'dziko lonse, nkhani ya nyuzipepala ibwere pambuyo. Robert Dahl, katswiri wa maphunziro a ndale, anafufuza mzinda wa New Haven ku America, ndipo zomwe anapeza anazitulutsa mu 1961. Iye anati panalibe kagulu kamodzi kolamula zonse. Amene anali ndi mawu pa za sukulu sanali omwewo amene anali ndi mawu pa zomanganso mzinda, kapena pa zosankha oimira zipani. Mphamvu inali yomwazika m'magulu ambiri okanganirana. Mukavomera chithunzi chimenechi, ndiye kuti nyumba zofalitsa nkhani nazonso ndi bwalo lomwe magulu ambiri amalankhulirapo, osati lipenga la gulu limodzi.

Tsono pa nyuzipepala penipeni amati chonchi. Nyuzipepala ndi malonda. Ikapanda kugulidwa imafa. Mwini akamakakamiza maganizo ake pa anthu amene sakuwafuna, anthuwo amapita kwa mnzake wopikisana naye, iye n'kutsala ndi mitolo ya mapepala. John Whale, yemwe anali mtolankhani ku Britain, analemba mu 1977 kuti chimene chimaumba maonekedwe a nyuzipepala pamapeto pake ndi owerenga ake. Ngati nkhani za mpira ndi za anthu otchuka zachuluka, si chiwembu cha munthu, ndi zomwe ogula akufuna.

Amawonjezeranso kuti mawu oti "mwini" masiku ano ndi onyenga. Makampani akuluakulu ambiri eni ake ndi anthu zikwizikwi a masheya, mabanki ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni. Berle ndi Means anaona kale mu 1932 kuti umwini ndi ulamuliro zikusiyana, ndipo James Burnham mu 1941 anati mphamvu yapita kwa mamanejala. Wa masheya amafuna phindu, alibe nthawi yowerenga tsamba lachitatu asanalisindikize. Amene amasankha nkhani tsiku ndi tsiku ndi akonzi ndi atolankhani, ndipo iwowa ali ndi mwambo wa ntchito yawo komanso mbiri yawo yoti aiteteze. Chitsanzo chomwe amachikonda ndi Watergate: atolankhani a Washington Post anakumba nkhani mpaka pulezidenti Nixon anatula pansi udindo mu 1974. Pamwamba pa izo pali malamulo. Ku Britain mawailesi amakakamizidwa kusakondera mbali, bungwe loona za mawailesi la Ofcom limayang'anira, ndipo BBC ilibe mwini mmodzi woti aiuze chochita.

Mungathe kutsutsa zonsezi, koma si zopusa ayi.

Kamtedza_19
Zikomo aphunzitsi, tsopano zayamba kuoneka mutu ndi mchira. Koma Murdoch nanga? Ameneyo si wa masheya wogona tulo.

Namzeze
Ndinkadikira kuti wina atchule dzinali. Rupert Murdoch atagula The Times ndi The Sunday Times mu 1981 analonjeza kuti akonzi adzakhala pa ufulu. Harold Evans, amene iye mwini anamuika kukhala mkonzi wa The Times, anachoka mu 1982 atakangana naye, ndipo anadzafotokoza poyera momwe bwanayo ankalowerera. Mu 2003, nkhondo ya ku Iraq ili pafupi, mtolankhani Roy Greenslade anaona kuti nyuzipepala za Murdoch, zomwe zinali 175 m'maiko osiyanasiyana, zinkayankhula mawu amodzi ochirikiza nkhondoyo. Akonzi 175, aliyense ndi mutu wake, owerenga awo osiyana kuyambira London mpaka Sydney, koma onse n'kugwirizana ndi bwana mwangozi? Pa nthawi yomwe anthu ankadzaza misewu kukana nkhondo yomweyo?

Ndipo sizinayambe ndi iye. Lord Beaverbrook, mwini wa Daily Express ku Britain, anauza komiti yofufuza za nyuzipepala kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kuti Daily Express amaiyendetsa pofuna kufalitsa maganizo ake. Sanabise n'komwe.

Nkhwazi_ya_Msika
Ine ndiima nawo ma pluralist, wina aziwayankhulira pano.

Mwatchula Murdoch, tiyeni timutsate bwino. Mu 1992 The Sun, nyuzipepala yake ya ku Britain, inadzitama pa tsamba loyamba kuti ndiyo yapambanitsa chipani cha Conservative. Anthu anakhulupirira. Koma mu 1997 nyuzipepala yomweyo inatembenuka n'kuchirikiza Tony Blair wa Labour, pomwe kafukufuku aliyense ankaonetsa kale kuti Blair apambana ndi mavoti ambiri. Mu 2009 inabwereranso kwa Conservative mphepo itasintha. Ameneyu akutsogolera anthu kapena akuthamangira kumbuyo kwawo? Wamalonda wochenjera safuna kuti owerenga ake amuone ali kumbali yoluza.

Ndipo owerenga akakwiya amalanga. Itachitika ngozi ya pa bwalo la Hillsborough mu 1989, The Sun inalemba mabodza onyoza ochemerera Liverpool. Anthu a mumzindawo ananyanyala kuigula, ndipo kunyanyalako kudakalipo mpaka lero, patapita zaka zoposa 30. News of the World, ya Murdoch yemweyo, inali ndi zaka 168, ikugulidwa kwambiri, koma itadziwika nkhani yomvetsera mobisa mauthenga a pafoni za anthu, kuphatikizapo foni ya mtsikana amene anaphedwa, anthu anaipidwa, otsatsa malonda anathawa, ndipo mu July 2011 inatsekedwa. Mwini wamphamvu uja anali kuti tsiku limenelo?

Namzeze
Anali mu ofesi akukonza The Sun on Sunday, yomwe inatuluka mu February 2012 kudzatenga malo omwewo. Dzina ndilo linafa, achimwene, mwini sanafe.

Wa_Anfield
Nyuzipepala imeneyo ife ochemerera Liverpool sititchula n'dzina lomwe. Anthu 97 anataya miyoyo chifukwa cha tsiku limenelo, ndipo mabanja anamenya nkhondo zaka zambiri kuti khoti linene mu 2016 kuti ochemerera analibe mlandu.

Chule_wa_Dambo
Pa zimenezo ndikugwirizana nanu ngakhale ndine wa United. Pa zina zonse ayi, tionana Loweruka.

Wa_Anfield
Muyambe mwapeza wotchinga kumbuyo kaye.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za mpira zili ndi malo ake. Mwana wa sukulu akudikira thandizo.

Namzeze
Ndibwerere kwa a Nkhwazi, chifukwa mfundo yawo ndi yolimba ndipo kutchula mabwana aukali okha sikuigwetsa. Pluralist adzangoti amenewo ndi ochepa, ambiri salowerera. Pomwe ganizoli limafooka kwenikweni ndi pa mawu oti "owerenga". Owerenga ake ati?

Taonani zomwe zinachitikira Daily Herald ku Britain. Inali nyuzipepala ya anthu ogwira ntchito za manja, yogwirizana ndi mabungwe a apantchito ndi chipani cha Labour. Mu 1933 inkagulitsa makope 2 miliyoni pa tsiku. Pomwe inkatha mu 1964 inali ikadali ndi owerenga oposa 4 miliyoni, kuposa owerenga The Times, Financial Times ndi Guardian mutawaphatikiza. Anthu sanaithawe. Chomwe chinaipha n'chakuti owerenga akewo anali osauka ndi okalamba, anthu amene wotsatsa galimoto kapena inshuwalansi sawafuna. Ndalama zambiri za nyuzipepala sizichokera pa khobidi la wogula, zimachokera kwa otsatsa malonda. Ndiye nyuzipepala ya owerenga ochepa olemera imakhala ndi moyo, ya owerenga ambiri osauka imafa. Choseketsa chomvetsa chisoni n'chakuti Herald yomweyo ndiyo inasinthidwa dzina kukhala The Sun, imene Murdoch anadzagula mu 1969.

James Curran, wofufuza mbiri ya nyuzipepala, anasonyeza kuti izi zinayamba kalekale. Boma la Britain litachotsa misonkho ya nyuzipepala pakati pa 1853 ndi 1861, anthu ankati ufulu wafika. Koma nyuzipepala za anthu wamba zomwe zinkatsutsa olamulira, zomwe boma linalephera kuzithetsa ndi misonkho ndi ndende, zinafota pambuyo pake, chifukwa makina osindikizira anakwera mtengo ndipo otsatsa malonda ankazipewa. Chomwe apolisi analephera, msika unachita mwakachetechete.

Ndiye ndikuvomera kuti msika uli ngati chisankho, monga ma pluralist amanenera. Koma ndi chisankho chomwe wina amaponya voti imodzi, wina mavoti khumi, malinga ndi zomwe zili m'thumba.

Nkhwazi_ya_Msika
Herald inalinso yotopetsa, inalephera kukopa achinyamata pomwe Daily Mirror, yomwenso inkachirikiza Labour, inkagulitsa makope pafupifupi 5 miliyoni m'zaka zomwezo. Ngati otsatsa malonda amapha nyuzipepala za anthu wamba, bwanji Mirror sinafe?

Namzeze
Sinafe chifukwa inaphunzira kuchepetsa ndale n'kuchulukitsa zosangalatsa, ndiponso inali yaikulu moti otsatsa sakanatha kuidumpha. Mwandithandiza kunena mfundo yanga: nyuzipepala ya olemera ingathe kukhala ndi owerenga ochepa n'kumalemba zakuya, ya osauka iyenera kusonkhanitsa mamiliyoni kuti ipume.

Cholembera_Chakutha
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndiloleni ndiyankhule monga munthu amene anagwirapo ntchito m'chipinda cholembera nkhani kwa zaka zambiri.

Nonse mukuyankhula ngati kulamula kumachitika pa foni, bwana kuimba n'kunena kuti chotsani nkhani iyo. Pa nthawi yanga yonse mwini kampani sanandiimbirepo. Mukanandifunsa nthawi imeneyo ndikanalumbira kuti ndili pa ufulu, ndipo ndikanakhala ndikunena zoona momwe ndinkazionera. Koma ndinkadziwa kuti nkhani yokhudza kampani ina yomwe inkagula tsamba lathunthu sabata iliyonse idzafuna maumboni atatu pomwe nkhani ina ikufuna umodzi. Palibe anandiuza. Ndinaona mnzanga wina atailemba, nkhani yake inakhala pa tebulo la mkonzi "ikuunikidwa" mpaka inazizira. Sanachotsedwe ntchito, sanadzudzulidwe. Chaka chotsatira anangopatsidwa gawo la maukwati ndi maphwando. Tonse tinaphunzirapo.

Mwini safunika kuwerenga tsamba lachitatu, monga aphunzitsi anenera. Iye amasankha mkonzi, amaika bajeti, amanena kuti atolankhani akhale angati. Mkonziyo amalemba ntchito anthu amene amaganiza ngati iye. Zikatero aliyense amalemba zomwe amakhulupiriradi, ndipo zimangopezeka kuti sizikhumudwitsa mwini.

Bajetiyo musaiderere. Nkhani yofufuza imadya miyezi ndi ndalama za maloya. Chikalata chochokera kwa mneneri wa kampani kapena wa boma chimabwera chaulere, cholembedwa kale bwino. Mukakhala atolankhani atatu pomwe panali khumi, mudziwa nokha chomwe chidzadzaze masamba.

Mphunzitsi_Wopuma
A Kamtedza, zomwe anena a Cholemberazi zisungeni, chifukwa ndi pamene pali kusiyana kwa magulu awiri a Marxist. Ralph Miliband mu 1969 ankatsindika kuti eni ake amagwiritsa nyuzipepala ngati chida mwadala. Ena, otsata maganizo a Gramsci, Marxist wa ku Italy, amati sipafunika chiwembu, maganizo a olamulira amangosanduka "zodziwikiratu" kwa aliyense. A Glasgow University Media Group anaonera nkhani za pa wailesi yakanema ku Britain n'kutulutsa zotsatira mu 1976. Anapeza kuti pa nkhani za sitalaka mabwana ankafunsidwa ali phee mu ofesi, antchito ali pa msewu pakati pa phokoso, ndipo mawu osankhidwa ankaonetsa antchito ngati oyambitsa mavuto. Zina mwa nkhanizo zinali za BBC, yomwe ilibe Murdoch. Apa pluralist amavutika, chifukwa wailesi yopanda mwini ija ndi imene ankaidalira.

Komabe naye ali ndi poyankhira. Paul Lazarsfeld ndi anzake anafufuza ovota ku Erie County, Ohio, pa chisankho cha 1940, ndipo anapeza kuti nyuzipepala ndi wailesi sizinasinthe maganizo a anthu ambiri. Anthu ankasankha zomwe zikugwirizana ndi zomwe amakhulupirira kale, ndipo ankamvera kwambiri anzawo ndi abale awo. Ndiye pluralist amati ngakhale nkhani zipendekere, wowerenga si dongo.

Tsabola_Wakale
Mabuku onsewa a zaka makumi asanu zapitazo. Ndani akugula nyuzipepala lero? Mwana wanga nkhani zonse amazionera pa TikTok.

Kadzidzi_Usiku
Apa ndiye ma pluralist apambana basi. Lero aliyense ali ndi foni ndi wofalitsa nkhani. Sufunikanso makina osindikizira, sufunika chilolezo cha mkonzi.

Namzeze
Aliyense angathe kuyankhula, inde. Koma amene amasankha kuti mawu a ndani afike kwa anthu ndi makampani owerengeka. Facebook, Instagram ndi WhatsApp ndi za Meta. YouTube ndi ya Google. Elon Musk anagula Twitter mu 2022 pa madola 44 biliyoni, n'kusintha malamulo ake, dzina lake, ndi anthu ololedwa kukhalapo. Ben Bagdikian anawerenga mu 1983 kuti makampani 50 ndiwo ankagwira gawo lalikulu la zofalitsa nkhani ku America. Pofika 2004 anati atsala asanu. Matchanelo akuchuluka, eni ake akuchepa.

Kadzidzi_Usiku
Koma algorithm, pulogalamu yosankha zomwe uone, imakupatsa zomwe umakonda. Si ndiye wowerenga akulamula ameneyo?

Chule_wa_Dambo
Ine yanga imangondipatsa mavidiyo a amphaka ndi anthu ogwa pa njinga. Sindikukumbuka kuti ndinalamula zimenezo.

Kadzidzi_Usiku
Munaonera yoyamba mpaka kumapeto. Kulamula kwake n'komweko.

Mlendo_Wodutsa
Funso la a Kadzidzi landikumbutsa nkhani yomwe ndikuganiza kuti ndi yofunika kuposa zonse zatchulidwa pano, chifukwa imawapatsa ma pluralist chipambano chomwe sangachikondwerere.

Usiku wa chisankho cha ku America mu 2020, Fox News, wailesi yakanema ya Murdoch, inalengeza msanga kuti Biden wapambana ku Arizona. Inanena zoona. Oonera ake ambiri, otsatira Trump, anakwiya n'kuyamba kusamukira ku wailesi ina yopikisana nayo, Newsmax. M'masabata otsatira Fox inapereka mpata waukulu kwa anthu onena kuti makina ovotera a kampani ya Dominion anabera mavoti. Dominion inasuma, ndipo mauthenga amkati omwe anatuluka m'khoti anasonyeza kuti akuluakulu ndi owulutsa ena otchuka sankakhulupirira nkhani ya kuberayo, koma ankaopa kutaya oonera. Murdoch mwiniwake anavomera polumbira kuti ena mwa owulutsa ake anachirikiza bodzalo. Mu April 2023 Fox inavomera kulipira madola 787.5 miliyoni.

Taonani bwino. Apa si mwini amene anakakamiza maganizo ake pa anthu. Ndi anthu amene anakakamiza wailesi. Dongosolo limene Whale anafotokoza linagwira ntchito ndendende: wogula analamula, wogulitsa anamvera. Koma chotuluka chake sichinali bwalo la maganizo ambiri momwe choonadi chimapambana. Chinali bodza lomwe ogula analipempha. Ma pluralist anaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana, kupatsa anthu zomwe akufuna ndi kutumikira demokalase, ngati kuti chimodzi chimabala chinzake nthawi zonse.

Nkhwazi_ya_Msika
Koma amene anailanga Fox ndi khoti. Magulu ena oletsa mphamvu za anzawo, si ndiye Dahl ameneyo?

Mlendo_Wodutsa
Inalangidwa chifukwa wonamiziridwayo anali kampani yokhala ndi ndalama za maloya. Akanakhala anthu wamba opanda dzina, monga othawa kwawo kapena osowa ntchito, ndani akanasuma?

Cholembera_Chakutha
Ndipo musaiwale kuti oonerawo sanagwe kumwamba ali ndi njala imeneyo. Wailesi yomweyo inawalera kuyambira 1996. Ukadyetsa munthu chakudya chimodzi zaka makumi awiri, n'kumati akuchifuna yekha, pali chinyengo pang'ono. Anthu amasankha pa zomwe zaikidwa patsogolo pawo. Nkhani yomwe sinalembedwe palibe angainyanyale kapena kuipempha, chifukwa sakudziwa kuti ilipo.

Kamtedza_19
Ndiye m'mayeso ndinene kuti alakwa kapena alondola? Funso limakhala loti "unikani".

Mphunzitsi_Wopuma
Musawaweruze ndi liwu limodzi. Gawani zomwe amanena. Kuti mwini sangachite chilichonse chomwe afuna popanda kuopa ogula, pamenepo ali ndi umboni, Liverpool ndi News of the World. Kuti owerenga sameza chilichonse, Lazarsfeld ali nawo. Kuti umwini wamwazika, apa ndi ofooka, chifukwa makampani ambiri a nkhani ali ndi masheya a mitundu iwiri, ndipo banja limodzi limagwira masheya opatsa mphamvu yovota pa zochita za kampani. Ndi momwe zilili ndi banja la Murdoch, la Sulzberger ku New York Times, ndi Zuckerberg ku Meta. Italy muitchulenso: Silvio Berlusconi anali ndi matchanelo atatu akuluakulu a wailesi yakanema pomwe ankakhala nduna yaikulu mu 1994, ndipo ali pampando anali ndi chikoka pa wailesi ya boma ya RAI. Pamenepo mawu oti magulu amaletsana mphamvu amamveka ngati nthabwala. Mfundo ya a Namzeze ya otsatsa malonda muipatse ndime yakeyake.

Nkhwazi_ya_Msika
Muwonjezere ichi kumbali yanga. Jeff Bezos, amene anayambitsa kampani ya Amazon, anagula Washington Post mu 2013 pa madola 250 miliyoni. Mu October 2024 analetsa nyuzipepalayo kuchirikiza Kamala Harris pa chisankho cha pulezidenti, ndipo m'masiku ochepa anthu oposa 200,000 anasiya kulipira. Atolankhani ake omwe analemba nkhani yodzudzula bwana wawo m'nyuzipepala yake yomweyo. Mu dongosolo lomwe a Marxist amafotokoza zimenezi sizikanatheka.

Namzeze
Anachoka 200,000, nanga chiganizocho chinasintha? Mu February 2025 Bezos analengeza kuti masamba a ndemanga aziteteza ufulu wa munthu payekha ndi msika waufulu, ndipo maganizo otsutsa zimenezo akasindikizidwe kwina. Mkonzi wa masambawo, David Shipley, anatula pansi udindo. Chilango cha msika chimaluma munthu amene amadya za nyuzipepala. Bezos amadya za Amazon.

Tsabola_Wakale
Mwazungulira tsiku lonse kuti mufike pomwe ine ndinanena m'mawa.

Mphunzitsi_Wopuma
Ayi a Tsabola, inu simunatiuze chifukwa chake Fox inaopa oonera ake, pomwe mwini wake ali ndi ndalama kuposa onsewo. A Kamtedza, mukalemba ndime yoyamba muiike pano tiione.